Dzina lathu m'buku la ngongole: lidalowamo bwanji, nanga lingatulukemo bwanji

 

Pa chikumbutso ngati chino timakonda kuwerenga zimene tapeza: masheya amene tasonkha, malata amene takhoma, ana amene tawalipirira sukulu. Zimenezo asungichuma azifotokoza bwino. Ife a komiti ya maphunziro tapemphedwa kuti tikambe za chuma china chimene sichilowa m'bokosi la maloko atatu, koma chikatayika gulu lonse limamva. Chumacho ndi dzina. Tikamba za mmene dzina la mayi limalowera m'kaundula wa ngongole chifukwa cha ndalama zimene wadya munthu wina, ndi zimene tingachite kuti litulukemo.

Tiyambe ndi kukumbukira kuti dzina limeneli tidalipeza movutikira. Makolo a ambiri a ife adabwera kuno pa malole a Ulere, ena kudzera ku Mthandizi, ena wapansi kudutsa ku Tete, kudzagwira ntchito m'mapulazi a fodya ndi chimanga. Pa sitolo ya papulazi ngongole inkalembedwa m'dzina la bambo, n'kudulidwa pa malipiro ake mwezi ukatha. Mayi ankalima, ankasankha fodya m'shedi, koma m'buku munalibe dzina lake. Kufikira chaka cha 1982, pamene lamulo la Legal Age of Majority Act lidakhazikitsidwa, mkazi wachikuda m'dziko muno ankatengedwa ngati mwana pamaso pa lamulo, wofunika bambo, mwamuna kapena mlongo kuti amuimire. Lamulo limenelo ndi limene lidanena kuti aliyense wokwanitsa zaka 18, mwamuna kapena mkazi, ndi wamkulu ndipo angathe kusaina yekha pangano.

Kwa ife ana a machona panali chotchinga chachiwiri. Zitupa zathu zinali ndi mawu oti ndife alendo, ngakhale mchombo wathu udagwera pompano. Mapulazi atayamba kulandidwa mu 2000, mabanja ambiri adataya ntchito ndi nyumba tsiku limodzi, ndipo lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001 ambiri adapezeka kuti si a kuno, si a kumudzi. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa ndime 43, ndi amene adanena kuti munthu wobadwira muno, wokhala muno, amene kholo lake lidachokera ku dziko la m'bungwe la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndi nzika mwa kubadwa. Alipo pakati pathu amene adayenda maulendo angapo ku ofesi ya zitupa kuti chilembo chimodzi chisinthidwe. Anzathu a ku Malawi nawonso adalandira ziphaso za unzika mu 2017. Tsono dzina limene tidalidikira zaka zonsezi, kodi n'loyenera kulibwereketsa ngati lichero?

Tsopano timve za buku limene dzinali limalembedwamo. M'gulu mwathu mlembi ali ndi buku. Kaya mumati mukando monga kuno, banki mkhonde ndi chipereganyu monga ku Malawi, chilimba ku Zambia, xitique ku Mozambique kapena stokvel ku South Africa, aliyense amadziwa amene amabweza pa nthawi yake ndi amene amafuna kumutsatira kunyumba. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama nawo ali ndi buku lotero, koma lawo ndi la dziko lonse ndipo lili m'kompyuta. Muno mu Zimbabwe banki yaikulu, Reserve Bank of Zimbabwe, idatsegula kaundula wake wa ngongole kumayambiriro kwa 2017, ndipo palinso makampani monga Financial Clearing Bureau amene amasunga mbiri yotereyi. Ku Malawi lamulo la Credit Reference Bureau Act lidakhazikitsidwa mu 2010, ndipo kuli makampani a Fidelity ndi Credit Data. Ku Zambia kuli TransUnion, pansi pa lamulo la 2018. Ku Mozambique kaundula ali ku Banco de Moçambique. Ku South Africa kuli TransUnion, Experian ndi ena, ndipo amayang'aniridwa ndi National Credit Regulator.

Buku lathu timaliona sabata iliyonse. Buku lawo ambiri timalidziwa tsiku limene tatikanizidwa ngongole. Mayi wakonza mapepala ake onse kuti agule firiji yosungiramo nsomba za ku Chivero ndi Darwendale, gulu lamulembera kalata yomuchitira umboni, koma kalaliki akayang'ana m'kompyuta amangoti, "Amayi, dzina lanu lili ndi ngongole." Mayiyo sanakongolepo chiyambire. Akuluakulu adati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu.

Dzina limalowa m'bukumo m'njira zingapo, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Tisanathamangire ku ofesi iliyonse, tidziwe kaye khomo limene dzina lidalowera.

Khomo loyamba ndi la munthu wongololedwa kugwiritsa ntchito akaunti ya mnzake. Ana athu amene ali ku America amazidziwa bwino zimenezi. Kumeneko munthu amatha kulembetsa mkazi wake, mwana kapena m'bale pa khadi lake la ngongole. Wolembetsedwayo amalandira khadi, amagula, ndipo akauntiyo imaoneka pa mbiri yake ya ngongole, koma mwini ngongole ndi uja adatsegula akaunti. Mwiniyo akamalipira bwino, wolembetsedwa amapindula. Akayamba kuzemba, thope limagwera onse awiri. Kuno makhadi a ngongole si ambiri, koma zofanana nazo tili nazo: khadi lachiwiri la ku sitolo ya zovala, akaunti ya ku holoselo imene mwalola mlamu wanu kutengerako katundu, kapena akaunti ya ku banki imene mwalembetsapo mwana wanu kuti azisaina inu mukapita kukapikula. Khomo limeneli ndi losavuta kutseka, chifukwa chilolezo chimene munthu adapereka angathenso kuchichotsa.

Khomo lachiwiri ndi la woimira ngongole. Apa ndi pamene ambiri timagwa, chifukwa timasokoneza mboni ndi woimira. Mboni imangosaina kuti yaona wina akusaina, ndipo ilibe ngongole. Woimira amalonjeza kuti wokongola akalephera, iye adzalipira. Wobwereka akakuuzani kuti "mungondisainira ngati mboni," werengani mawu amene ali pansi pa mzere umene mukusainapo. Pa mapepala a muno ndi a ku South Africa mumapezeka mawu achingerezi oti surety and co-principal debtor. Mukawaona, dziwani kuti obwereketsa ali ndi mphamvu yobwera kwa inu mwachindunji, osayamba avutika ndi uja adadya ndalama.

Khomo lachitatu ndi ngongole ya gulu. Mabungwe ambiri obwereketsa ndalama zochepa amapereka kwa amayi asanu kapena khumi pamodzi, aliyense kukhala chikole cha mnzake. Mmodzi akathawa, otsala amagawana mtolo wake, ndipo mayina onse amatha kudetsedwa.

Khomo lachinayi ndi lobwereketsa dzina. M'bale alibe chitupa, kapena dzina lake lidaipa kale, ndiye akupempha kuti mumutengere ngongole m'dzina lanu, kapena akutenga foni yanu ndi nambala yachinsinsi n'kukongola pa foni pomwepo. Masiku ano nambala ya EcoCash, ya Airtel Money kapena ya Mpamba imalembetsedwa ndi chitupa, choncho chimene chachitika pa nambalayo chachitika m'dzina lanu. Pamaso pa obwereketsa, palibe m'bale aliyense pamenepa. Pali inu nokha.

Tikadziwa khomo, tingayambe ulendo wochotsa dzina. Choyamba ndi kuiona mbiriyo ndi maso athu. Tengani chitupa, pitani ku banki kapena ku bungwe limene lakukanizani ngongole, funsani kuti nkhaniyi aiona m'kaundula uti, ndipo kapempheni pepala la mbiri yanu kumeneko. Kuchokera kuno ku Norton kupita ku Harare ndi makilomita pafupifupi 40, ulendo wa kombi imodzi, ndipo Reserve Bank ili mu msewu wa Samora Machel. Ku South Africa lamulo la National Credit Act la 2005 limapatsa munthu aliyense ufulu woona mbiri yake kwaulere kamodzi pachaka ku kampani iliyonse yosunga mbirizi. Inu amene mumachita malonda m'maiko awiri, kumbukirani kuti dziko lililonse lili ndi buku lake. Dzina loyera ku Harare lingakhale lakuda ku Johannesburg, choncho kaoneni konse kumene mudasainako.

Pepalalo likafika, liwerengeni ndi mnzanu wodziwa Chingerezi. Onani dzina la obwereketsa, tsiku limene akaunti idatsegulidwa, ndalama zotsala, ndi mmene inu mwalembedwera: mwini, woimira kapena wongololedwa. Onaninso nambala ya chitupa. Mayina a Banda, Phiri ndi Mwale ndi ochuluka kwambiri pakati pathu, ndipo nthawi zina cholakwika chimangokhala kusokonezeka kwa anthu awiri.

Chachiwiri ndi kulemba kalata kwa obwereketsa. Osungira kaundula amangolemba zimene atumiziridwa, choncho gwero la nkhani lili kwa amene adatumiza. Ngati inu ndinu wongololedwa, lembani kuti simukufunanso kukhala pa akauntiyo, bwezani khadi, ndipo pemphani kuti auze osunga kaundula kuti ngongoleyo si yanu. Ngati inu ndinu mwini akaunti amene mudalola wina, lembani kuti kuyambira tsiku lakutilakuti munthuyo asatengenso kanthu m'dzina lanu, khadi lake litsekedwe, ndipo sinthani nambala yachinsinsi tsiku lomwelo. Koma timvetsetse: kumuchotsa kumatseka za mawa zokha. Zimene adatenga dzulo zatsala pa mutu panu, chifukwa mwini ndinu.

Kalatayo ikhale makope awiri. Imodzi musiye, inayo aidinde ndi kulembapo tsiku, mubwerere nayo kunyumba. Lonjezo la pakamwa la kalaliki limatha tsiku limene iye wasamutsidwa. Pepala lodindidwa limakhala.

Chachitatu ndi kudandaula kwa osunga kaundula eni ake. Pakapita mwezi umodzi kapena iwiri, kaoneninso mbiri yanu. Ngati akaunti ija ikadalipo, perekani dandaulo lolembedwa pamodzi ndi kope ya kalata yodindidwa ija. Ku South Africa kampani yosunga mbiri ili ndi masiku 20 ogwira ntchito kuti ifufuze, ndipo ikapanda kupeza umboni wa zimene idalemba, iyenera kuzichotsa. Muno mu Zimbabwe lamulo loteteza mbiri za anthu la 2021 limapatsa munthu ufulu wopempha kuti zabodza kapena zosokeretsa zolembedwa za iye zikonzedwe. Mukaona kuti akungokuzengerezani, pitani kwa owayang'anira: Reserve Bank of Zimbabwe kuno, Reserve Bank of Malawi kumudzi, Bank of Zambia ku Lusaka. Mabungwe monga Zimbabwe Women Lawyers Association ndi Legal Resources Foundation amathandiza amayi amene sangakwanitse kulipira loya.

Ngati wina adagwiritsa ntchito chitupa chanu inu osadziwa, kumeneko ndi kuba. Kanenani ku polisi, tengani nambala ya mlandu, lumbirani kalata pamaso pa wolumbiritsa, ndipo mapepala amenewa muwapereke kwa obwereketsa ndi kwa osunga kaundula. Tikudziwa kuti phazi limalemera ngati wochita zimenezi ndi wa m'nyumba momwemo. Koma popanda pepala la ku polisi, n'kovuta kuti obwereketsa akhulupirire kuti simudagwirizane naye.

Kwa woimira ngongole tinene zoona zokhazokha, ngakhale n'zowawa. Simungadzichotse nokha chifukwa choti mwayambana ndi wokongola kapena ukwati watha. Njira zake ndi izi: ngongole ithe kulipidwa, kapena papezeke woimira wina amene obwereketsa amuvomera, kapena obwereketsa akumasuleni ndi kalata. Chimene mungachite lero ndi kuwalembera kuti simukuimiranso ngongole ina iliyonse yatsopano imene munthuyo angatenge, ndi kupempha kuti azikudziwitsani akangodumpha mwezi umodzi. Ambiri amamva nkhani itakula kale, chiwongoladzanja chitaunjikana. Dziwaninso kuti muno ndi ku South Africa muli lamulo lotchedwa in duplum, limene limati chiwongoladzanja chosalipidwa chisapitirire ndalama ya ngongole imene yatsala. Tiyerekeze kuti patsala madola 300: chiwongoladzanja chounjikana chikafika madola 300, chimaima. Wina akakuuzani kuti chafika 900, funsani mawerengedwe ake polemba.

Pa nkhani ya ukwati pali kusiyana kumene amayi oyenda m'maiko tiyenera kukudziwa. Muno mu Zimbabwe, kukwatiwa pakokha sikukusenzetsani ngongole ya ku banki ya amuna anu ngati simudasaine, chifukwa lamulo limaona chuma cha mwamuna ndi cha mkazi ngati chosiyana. Ku South Africa, okwatirana popanda pangano lapadera lolembedwa ukwati usanachitike kawirikawiri amaphatikiza chuma ndi ngongole zomwe. Ana athu aakazi amene akumanga mabanja kumeneko tiwauze zimenezi asanavale mphete.

Tichenjezanenso za anthu amene amalonjeza kuti adzafufuta dzina lanu m'kompyuta mukawapatsa kangachepe. Ngongole yoona, imene mudasainadi, palibe wa m'khwalala amene angaifufute. Imachoka ndi kulipira, ndipo mukamaliza tengani kalata yonena kuti mwamaliza, muonetsetse kuti m'kaundula alembamo zimenezo. Zolakwika nazo zimachoka ndi makalata anu omwe. Amene wakupemphani chitupa ndi ndalama kuti "akukonzereni" angathe kukutsegulirani ngongole ina.

Zonse tanenazi ndi za m'maofesi, ndipo n'zopepuka poyerekeza ndi za kunyumba. Kulemba kalata ku sitolo ndi ntchito ya tsiku limodzi. Kuuza mwana wako woyamba, mlongo wako kapena bambo a ana ako kuti "ndakuchotsani pa akaunti" ndiye phiri. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Tidaleredwa ndi mawu oti chibale ndi fupa sichiola, ndipo ife amene tidakulira kutali ndi kumudzi tikudziwa kuti popanda kugwirana manja sitikadaika maliro athu, sitikadapulumuka chaka cha 2008 pamene ndalama zinkasanduka mapepala tili nazo m'manja. Palibe amene akunena kuti tileke kuthandizana.

Koma taganizani. Mayi amene dzina lake ladetsedwa sangathandizenso aliyense. Sangatenge ngongole ya feteleza, sangagule katundu wambiri pa mtengo wotsika, sangaimire mwana wake tsiku limene mwanayo adzafunadi womuimira. Amatsala ndi katapila, amene kuno amati chimbadzo, ndipo tonse tikudziwa kumene njira imeneyo imathera. Kumuchotsa m'bale pa akaunti si kumuchotsa pa chibale. Mungamuuze mwaulemu kuti, "Achimwene, chimene ndili nacho m'manja ndikupatsani, koma dzina langa ndi la ana onsewa." Mupatseni madola 20 amene mungathe kuwaiwala, kusiyana ndi saini imene idzakutsatani zaka. Ngati mukuopa kuyankhula nokha, tengani ankhoswe, kapena amayi awiri a m'gulu. Ndipo ngati kukana kusaina kukubweretsa chibakera m'nyumba, imeneyo si nkhani ya ngongole ayi, ndi nkhanza, ndipo lamulo la Domestic Violence Act limatchula nkhanza za pachuma pakati pa zinthu zimene limaletsa. Musazisenze nokha.

Pali chifukwa china chimene nkhaniyi ikutikhudzira ngati mgwirizano. Magulu athu akukula, ndipo ena ayamba kugogoda pa makomo a mabanki. Zimbabwe Women's Microfinance Bank idatsegulidwa mu 2018 kuti ithandize amayi onga ife, ndipo kuyambira 2022 Reserve Bank ili ndi kaundula wa katundu wosunthika, kutanthauza kuti makina osokera, ng'ombe kapena firiji zingathe kukhala chikole. Makomo amenewa amatsegulidwa ndi dzina loyera. Gulu likapita kukapempha ngongole, mayina a amene akusaina amayang'anidwa. Dzina limodzi lodetsedwa lingaimitse amayi 20 amene sadalakwe kanthu.

Choncho komiti ikupempha magulu onse zinthu zinayi m'chaka chikubwerachi. Membala aliyense amene adasainapo pepala la ngongole, lake kapena la wina, akaone mbiri yake tisanafike nthawi yogawana. Aliyense asanasainire munthu wina, abweretse pepalalo ku gulu kuti awiri aliwerenge, ndipo pasakhale kusaina tsiku lomwelo limene wapemphedwa. Mlembi wa gulu lililonse asunge chikwama cha makope a makalata odindidwa, kuti mayi akasamuka kapena nyumba ikapsa umboni usatayike. Ndipo thumba ladzidzidzi, limene timathandizira matenda ndi maliro, lilolenso kulipira ulendo wa kombi wa mayi amene akupita kukakonza dzina lake, ndi wa mnzake womuperekeza.

Amayi amene mudapirira kale ulendo umenewu, musabise. Fotokozerani anzanu khomo limene mudagogoda ndi mawu amene mudalemba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Alembi a magulu atsale pang'ono tikatha kudya, kuti tiwapatse chitsanzo cha kalata yochotsera munthu pa akaunti ndi ya dandaulo, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, aliyense apite nazo kwawo.